Botolo Limene Ndinasakaniza

Grace ndi Yohane, ana anga, ndi inu adzukulu amene mumandiseka kuti ndimalankhula ngati wailesi ya ku Malawi, ndikulemba izi m'chilankhulo cha bambo anga, amene anachoka ku Dedza kudzacheka matabwa kuno ku Livingstone. Za ubwana wanga sindilemba, mulibe chachilendo. Ndikufuna mudziwe za munthu mmodzi amene ndinagwira naye ntchito, chifukwa mayunifolomu anu ndi chakudya chanu zinkachokera m'chipinda chake chonunkha asidi.

Chaka choyamba

Ndinayamba ntchito pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Dambwa patangotha miyezi yochepa bambo anu atamwalira. Grace unali ndi zaka zinayi, Yohane ukuyamwa. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndiye ntchito imene ndinapeza inali yotsuka mabotolo ndi kusesa mu labu. Kalata yanga inkanena kuti ndine wongogwirizira, kutanthauza kuti ahedi akanatha kundichotsa tsiku lililonse popanda wowafunsa. Mawu amenewo ndinkagona nawo, kudzuka nawo.

Mwini labu anali Ba Sitali, mphunzitsi wa kemisitiri, munthu wa mtundu wa Alozi, wamtali, woonda, wosaseka wamba. Malaya awo onse anali ndi timabowo ta asidi pamimba, ndipo sankachita nato manyazi. Tsiku loyamba sanandifunse za maphunziro anga. Anandionetsa mashelefu n'kundipatsa lamulo limodzi lokha: botolo lopanda dzina silinunkhizidwa, silitayidwa, silisakanizidwa ndi lina, limadikira iwo. Ndinavomera, mumtima ndikuti ngati lamulo lake ndi lomweli ndiye ntchito ndaipeza yofewa.

Inali nthawi ya kusowa. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonse tinkaimira pamzere, ndiye za gasi wa mu labu musafunse n'komwe. Mapaipi analipo m'matebulo onse, koma sindinawamvepo akupuma. Aphunzitsi ena ankangouza ana kuti zipangizo zikanakhalapo akanaona chakutichakuti. Ba Sitali ankadana nawo mawu amenewo. Anapanga nyali za sipiriti ndi timabotolo ta inki, ndipo waya woyesera mankhwala pamoto anauchotsa m'simbi yamagetsi yakufa. Sindinaonepo munthu wina wosadziwa kudandaula ngati iwo.

Phunziro limene ankalikonda kwambiri linali la mmene ma elekitironi amakhalira mu atomu. Ankandituma ku msika wa Maramba kukapempha mathileyi akale a mazira ndi kutola zitsekerero za mabotolo, amayi a pamsika akundiseka kuti ntchito ya boma yandisandutsa wotola zinyalala. Mathileyiwo ankawadula n'kuwasanja pa masitepe a matabwa. Sitepe iliyonse inali mlingo wa mphamvu: yapansi ya ma elekitironi okhala pafupi ndi pakati pa atomu, zam'mwamba za okhala kutali. Bowo lililonse la thileyi linali chipinda, chimene mabuku amati obitalo. Chipinda chimodzi chimalandira ma elekitironi awiri okha, ndipo Ba Sitali ankaika chitsekerero china chagada, china chovundikira, chifukwa awiriwo sayang'ana kumodzi. Sitepe yoyamba ili ndi chipinda chimodzi, yachiwiri zinayi, yachitatu zisanu ndi zinayi. Ma elekitironi amayamba kudzaza pansi, ndipo akapeza zipinda zofanana mphamvu, aliyense amayamba watenga chake asanalole kukhala awiriawiri.

Ine ndinkamvetsera ndili kumbuyo, manja ali m'sinki. Tsiku lina ana atatuluka ndinalimba mtima n'kufunsa ngati elekitironi imakhaladi phee m'bowo mwake ngati dzira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuganiza kuti ndadumpha malire.

"Iyai, Ba Banda, thileyi ni yotithandiza chabe," anatero. "Elekitironi siinkala pansi. Ni monga amai ba tomato ku Maramba. Simungazibe pamene baimilila manje manje, koma muziba mbali ya maliketi kwamene muzabapeza. Iyo mbali ndiye obitalo."

Kuyambira tsiku limenelo, ana akaweruka, ankanditchulira nambala ine n'kusanja zitsekerero. Kuyamikira sankadziwa. Ndikakhoza ankangotchula nambala ina. Mukudziwa kuti mayi anu ndi wamakani, ndiye pa potaziyamu tinakangana. Potaziyamu ali ndi ma elekitironi 19. Nditasanja 18, womaliza ndinamuika pa sitepe yachitatu, popeza zipinda zisanu zinali zikadali zopanda kanthu. Iwo anamuchotsa n'kumukweza pa yachinayi. Ndinati chimenecho n'chipongwe, munthu sasiya zipinda zisanu zosesa bwino n'kukagona pamwamba. Iwo anatenga mabokosi a machesi n'kutsamiritsa kachidutswa ka zipinda zisanu kaja mpaka kanakwera kupitirira pang'ono chipinda choyamba cha sitepe yachinayi. Ndinaona ndekha kuti chipinda chimene ndinkati n'cham'mwamba ndicho chinali chapansi, ndipo elekitironi imatsata chapansi. Ndinapita kunyumba tsiku limenelo ndikumva ngati ndine munthu wophunzira.

Chaka chachitatu, nyengo ya mvula

Pa tchuthi cha Khirisimasi Ba Sitali anapita kwawo, makiyi a labu n'kundisiyira. Mvula ya chaka chimenecho inasasula lata limodzi pamwamba penipeni pa shelefu ya mankhwala. Nditatsegula chitseko ndinapeza mapepala a mayina atamatuka, ena ali pansi, ena mphemvu zitadya. Ambiri ndinawabwezera bwinobwino, chifukwa malo a botolo lililonse ndinkawadziwa. Anatsala mabotolo awiri a mchere woyera, lililonse lili theka, limodzi chitsekerero chake chitasweka. Ndinali wotsimikiza kuti onse awiri ndi a mchere wa potaziyamu.

Lamulo ndinkalikumbuka. Koma ife amene tinakulira m'kusowa sititha kuonerera chinthu chikuonongeka. Ndinaona chinyezi chikulowa m'botolo losweka lija, ndinaganiza za masabata atatu amene anatsala kuti Ba Sitali abwere, mtima unandiwawa. Ndinakhuthulira mchere wonse m'botolo labwino, ndinakhutchumula, ndinalemba dzina ndi dzanja langa lokongola. Ndinadziona ngati mayi wosamala. Atabwera sindinawauze, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa ndinkaona kuti palibe nkhani.

Chaka chomwecho tinalandira ahedi atsopano. Dzina lawo sindilemba, ana awo alipo m'tauni muno. Sanali munthu waulesi, mpanda wa sukulu anamanga ndi iwo. Koma ndi Ba Sitali sankamwerana madzi. Ahedi ankafuna kudula labu pakati kuti theka likhale sitolo, Ba Sitali n'kukana pamaso pa aphunzitsi onse. Za ine, aliyense ankadziwa kuti ahedi ali ndi mlamu wawo wosowa ntchito, ndiponso kuti malo anga ndiwo anali osavuta kutsegula.

Chaka chachinayi, mwezi wa Okutobala

Uthenga unabwera kuti Lachinayi kubwera insipekita kudzaona ngati labu yathu ikuyenera kuchititsa mayeso. Ba Sitali anasankha phunziro lawo lija la masitepe, ndipo anati adzalimaliza ndi mitundu ya moto. Ntchito yanga inali kuyeseratu mankhwala onse. Lolemba masana, kukutentha koti ngakhale mbalame zinali zii, ndinayatsa nyali ya sipiriti. Mchere wa sodiyamu unapereka moto wachikasu, monga mwa nthawi zonse. Wa kopa unapereka wobiriwira. Wa potaziyamu umayenera kupereka moto wonga maluwa a jakaranda, koma unatuluka wachikasu. Ndinatsuka waya mu asidi, ndinayesanso. Wachikasu. Nditayesa kachitatu ndinakumbuka mabotolo awiri aja. Limodzi linali la sodiyamu, mchere wamba wa m'ndiwo, ndipo potaziyamu wina pasukulu yonse panalibe.

Masiku awiri ndinayenda nayo nkhaniyo ndekha. Ndinaganiza zogwetsa botolo dala n'kunena kuti laterereka. Ndinaganiza zongokhala chete, moto ukadzatuluka wachikasu anthu adzanene kuti ogulitsa mankhwala anatinyenga, kapena kuti Ba Sitali sadziwa kusunga labu yawo. Sindibisa, njira yachiwiriyi ndinaikonda kwa tsiku lathunthu. Ndikayang'ana inu awiri mukudya, ndinkaona kuti manyazi a mwamuna wokhala ndi ntchito yokhazikika ndi opepuka kuposa njala ya ana anga. Koma Lachitatu m'mawa ndinawaona akupukuta zitsekerero zawo chimodzichimodzi ndi kansalu, ndipo ndinalephera. Ndinawauza zonse.

Sanakalipe. Anayatsa nyali, anayesa okha, kenako anandifunsa chifukwa chimene moto watulukira wachikasu. Ndinaganiza kuti akundinyoza, koma ankafunadi yankho. Ndinafotokoza kuti moto umakankhira elekitironi yakunja ya sodiyamu m'chipinda cham'mwamba, ndipo ikamagwa kubwerera kwawo imabweza mphamvu ija ngati kuwala. Kutalika kwa pamene yagwa ndiko kumasankha mtundu, n'chifukwa chake mchere uliwonse uli ndi mtundu wake. Chikasu cha sodiyamu n'champhamvu, chimaphimba mtundu wofooka wa potaziyamu. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndaononga botolo koma phunziro likadalipo. Apo ndinawapempha, misozi ili m'maso, kuti angodumpha potaziyamu mawa lake, palibe amene angazindikire.

"Aba bana bazalemba mayeso," anatero. "Sinizajumpha, na boza sinizabauza. Nizakamba kuti botolo ni yosakanizika. Bakanifunsa kuti nindani, zina yanu sinizakamba, koma sinizanamizila muntu wina. Olo mukambe mweka. Musanke imwe."

Ndinakwiya kwambiri. Mumtima ndinati chilungamo n'chotsika mtengo kwa munthu amene kalata yake ya ntchito ili ndi chidindo. Ndinatsuka mabotolo tsiku limenelo mowawombanitsa. Poweruka anangondifunsa ngati ndili ndi galasi labuluu kunyumba, chifukwa la sukulu linasweka kalekale. Ndinali ndi botolo labuluu la mankhwala a m'mimba limene ndinkasungiramo singano. Ndinalibweretsa m'mawa mwake, ndisanadziwebe ngati ndilankhula kapena ayi.

Insipekita anali mayi wa magalasi, wamfupi, wosalankhulalankhula. Anakhala kumbuyo pamodzi ndi ahedi. Ba Sitali anaphunzitsa tsiku limenelo ngati kumbuyoko kulibe munthu. Ana anasanja zitsekerero, anakangana, anakonzana okha. Kenako anatseka mawindo ndi makatoni kuti mukhale kamdima, n'kuyamba kuyatsa mchere umodziumodzi, ana akufuula mitundu. Atanyamula botolo la potaziyamu anandiyang'ana kamodzi kokha, osati mondikakamiza, kungoyang'ana basi. Ndinadziwa kuti ndikakhala chete, ahedi awafunsa pamaso pa mlendo kuti wasakaniza ndani, iwo akana kutchula, ndipo mlandu ukhala wawo. Ndinapukuta manja pa epuloni n'kupita kutsogolo. Chingerezi chonse chinandithawa.

"Ba madamu, iyi botolo nine ninasakaniza," ndinatero. "Muli potaziyamu na sodiyamu pamozi. Ba Sitali sibenzeko, benze ku holide."

Nkhope ya ahedi sindinaiyang'ane, koma ndinamva mpando wawo ukulira. Insipekita anati ndipitirize. Ndinaika mchere pamoto, unatuluka wachikasu, ndipo ndinafotokozera ana zimene ndinafotokozera Ba Sitali dzulo lake. Ba Sitali anapereka botolo langa labuluu kwa ana a kutsogolo kuti ayang'anire moto kudzera m'galasilo. Galasi labuluu limameza chikasu, ndiye kuseri kwake kunaoneka kamoto konga maluwa a jakaranda, ka potaziyamu, kamene kanalipo nthawi yonseyi. Botolo linayenda dzanja ndi dzanja mpaka kumbuyo. Insipekita anavula magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndisanje potaziyamu m'mathileyi. Nditaika elekitironi yomaliza pa sitepe yachinayi anafunsa chifukwa chimene ndasiyira zipinda zisanu zopanda kanthu. Ndinayankha. Anafunsa koleji imene ndinapita, ine n'kuloza Ba Sitali. Aka kanali koyamba kuwaona akuchita manyazi.

Labu inavomerezedwa. Koma insipekita analembanso mu lipoti lake kuti mankhwala opanda dzina anasakanizidwa, ndipo sindimawaimba mlandu, inali ntchito yawo. Lachisanu ahedi anandiitana mu ofesi. Anati ndinachita mwayi kuti unali mchere, ukanakhala mankhwala ena ndikanapsereza ana a eni. Pamenepo ankanena zoona. Anandiuza kuti ndidikire kalata kumapeto kwa mwezi.

Teremu yotsatira

Mwezi unatha, kalata osabwera. Wina unathanso. Ndinkati ndikamva mapazi a kalaliki pakhonde, ndinkaganiza kuti kalata ija yafika. M'malo mwake kunamveka kuti Ba Sitali akusamukira ku sukulu ina ya kumidzi, cha ku Mulobezi, yopanda labu, yopanda magetsi. Ndinawafunsa ngati n'chifukwa cha ine. Anaseka, zimene sankachita kawirikawiri, n'kunena kuti anapempha okha. Anati ali ndi ng'ombe kumeneko zimene abale akuzisunga mosasamala, ndipo munthu akamakula amafuna kukhala pafupi ndi ziweto zake. Ndinakhulupirira, Mlozi ndi ng'ombe ndani angakayike. Ndinawakwiyiranso pang'ono kuti mphunzitsi wotere akusiya ana chifukwa cha nyama za miyendo inayi, ndipo ndinawauza. Anangoti ndi mmene zilili.

Tinawaperekeza ku siteshoni ya sitima, iwo, akazi awo ndi ana awo atatu, katundu ali m'matumba a ufa. Masitepe a matabwa anandisiyira, anati kumeneko akakhoma ena. Ahedi anadula labu pakati chaka chomwecho monga ankafunira, koma ine sanandikhudze, ndipo patapita nthawi kalata yanga yokhazikika inabwera. Ndinagwira ntchito m'theka la labu limenelo mpaka kupuma. Aphunzitsi a kemisitiri anabwera ambiri, ena abwino, ena ongodikira malipiro. Achinyamata ochokera ku koleji ankayamba ndi kuseka mathileyi anga, kenako ankabwera mwakachetechete kudzabwereka. Ba Sitali ndinawalembera makalata awiri, anayankha imodzi, ya mizere inayi, yofunsa ngati denga linakonzedwa.

Nditapuma pa ntchito

Za imfa ya Ba Sitali ndinamva mochedwa, maliro atapita kale. Chaka chatha ndinakwera minibasi ya ku Dambwa kuchokera m'tauni, ndipo mayi wokalamba amene ndinapanikizana naye pampando anandigwira dzanja n'kunditchula dzina. Anali akazi a Ba Sitali. Anabwerera ku Livingstone kudzakhala ndi mwana wawo wamkazi. Tinapepesana, tinafunsana za ana. Anandiuza kuti amuna awo anaphunzitsa ku sukulu ija mpaka kupuma, labu osaiona, koma ana a kumeneko ankakhoza kemisitiri mpaka anthu kudabwa. Pofuna kuchezetsa, ndinafunsa ngati ng'ombe zija zinaswana.

Anandiyang'ana modabwa, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Ng'ombe ziti? Ba Sitali sibanankalepo na ng'ombe olo imozi."

Anandifotokozera pamene minibasi inkagwedezeka m'maenje. Kalata yondichotsa ntchito inali italembedwa kale. Ba Sitali analowa mu ofesi n'kunena kuti labu ndi yawo, wondiphunzitsa ndi iwo, ndipo wondisiyira makiyi ndi iwo. Ahedi anayankha kuti pasukulupo sitingakhale tonse awiri, ine ndi Ba Sitali, mmodzi achoke. Ba Sitali anasaina pempho la kusamuka tsiku lomwelo, ahedi n'kung'amba kalata yanga iwo akuona. Mayiwo anati analira sabata yathunthu, chifukwa nyumba ya m'tauni ankaikonda ndipo ana awo anali pasukulu yabwino. Analankhula zonsezi popanda mkwiyo, ngati akunena za mvula ya chaka china.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire zaka zonsezi, ngakhale m'kalata.

"Benze kukamba ati mukaziba muzasiya nchito, ndimwe ba makani," anatero. "Ati bana banu benze bang'ono maningi."

Ankandidziwa bwino munthu uja. Ndikanasiyadi.